Mabungwe asamangofunsa kuti mwailandira, anthu aziponya voti

Aliyense amene adakhalapo pamsonkhano wa chitukuko m'midzi ya ku Mchinji, kaya ndi kwa Mkanda, kwa Dambe, kwa Mavwere kapena kwa Mlonyeni, akudziwa mmene mwambo wake umayendera. Galimoto yoyera imaima pambali pa bwalo, alendo amapatsidwa mipando yobwereka kusukulu, amayi amayala zitenje mbali ina, abambo amakhala pamiyala ndi pazitsa mbali inayo. Likatha pemphero ndi malonje, mkulu wa bungwe amaimirira n'kufotokoza kuti abwera ndi pulojekiti ya zaka zitatu, mwina ya mbuzi, mwina ya mbaula zosatha nkhuni, mwina ya zimbudzi zamakono. Akamaliza amafunsa khamulo kuti, kodi mwailandira? Nthungululu zimalira, a gulupu amathokoza m'malo mwa anthu awo, ndipo mu lipoti lopita kwa opereka ndalama mumalembedwa kuti anthu a m'deralo adafunsidwa ndipo adavomereza. Palibe amene wanama pamenepa, ndipo ambiri mwa ogwira ntchito m'mabungwewa ndi anthu a mtima wabwino. Koma palibenso amene wasankha kanthu. Pachikhalidwe chathu mlendo akabwera ndi mphatso sumukanira pagulu, ndiponso munthu amene nkhokwe yake imatha mwezi wa Disembala sangabweze mbuzi chifukwa choti iye amafuna mlatho.

Mfundo yanga ndi yakuti ndalama za chitukuko zimene mabungwe omwe si aboma amabweretsa m'dera zizidzera pa voti ya eni dera, voti yeniyeni, yoponya mwachinsinsi, ndalama zake zitalengezedwa poyera, ndipo zotsatira zake zizimanga bungwelo. Kuti chisankho chitchedwe chisankho pamafunika zinthu ziwiri kapena zitatu zopikisana, komanso osankhawo adziwe kuti m'thumba muli zingati. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, adatero akale, ndipo amene amaoloka mtsinje wa Rusa kapena Bua ndi mwana wodwala kumsana nyengo ya dzinja ndiye akudziwa ngati chofulumira ndi mlatho kapena maphunziro a masiku atatu ku Boma. Nkhaniyi si maloto ochokera kutali. Boma la Mchinji, lomwe pakalembera wa 2018 lidapezeka ndi anthu oposa 600,000, lidaonetsa kale kangapo konse kuti anthu a kumudzi akapatsidwa mphamvu yosankha amasankha mwanzeru, ndipo maiko ena adaphunzirako kuno.

Tiyambe ndi alimi a mtedza. M'zaka za m'ma 2000, alimi a bungwe la MASFA, lomwe ndi nthambi ya NASFAM kuno ku Mchinji, adayamba kugulitsa mtedza wawo ku Ulaya kudzera m'ndondomeko ya Fairtrade. Pa ndondomekoyi, pamwamba pa mtengo wa mbewu pamabwera ndalama ina yapadera yoti igwire ntchito yothandiza gulu, ndipo lamulo lake ndi lakuti mamembala eni ake ndiwo amagwirizana chochita nayo. Alimiwa akadatha kugawana kuti aliyense agule mchere ndi sopo. M'malo mwake, chimodzi mwa zinthu zimene adasankha chidali kumanga nyumba yogonamo anthu odikirira odwala pachipatala chachikulu cha Mchinji. Tiganizire bwino chisankho chimenechi. Munthu wokhala mu ofesi ku Lilongwe akamalemba za umoyo amaganiza za mankhwala, makina ndi anamwino, ndipo salakwa. Koma mlimi wa ku Chiosya kapena ku Mikundi akamaganiza za chipatala amaona mkazi wake atagona pakhonde ndi kamtolo ka nkhuni, poto ndi kathumba ka ufa, mvula ikumuwomba, akudikirira mwana amene wagonekedwa muwodi. Gadiyani ameneyu sapezeka m'mabuku a chipatala, chifukwa sadwala ndipo salipidwa, komabe popanda iye wodwala sadya, sasamba, satembenuzidwa. Vuto lotere amaliona ndi okhawo amene adagonapo pakhondepo, ndipo lidatulukira chifukwa ndalama idali m'manja mwa anthu amenewo.

Umboni wachiwiri ndi wolemera kwambiri chifukwa udayesedwa ndi akatswiri. Kuyambira cha m'ma 2005, ntchito ya MaiMwana idakhazikitsa magulu a amayi oposa 200 m'midzi ya ku Mchinji. Maguluwa sadabwere ndi katundu wogawa. Amayi ankakumana motsogozedwa ndi mnzawo wa m'dera lomwelo, n'kutchula okha mavuto amene amapha amayi oyembekezera ndi makanda, kuwaika m'ndandanda kuti lalikulu ndi liti, kugwirizana njira zothanirana nawo, kuzichita, kenako kubwerera kudzaona ngati zathandiza. Ena adasankha njinga za ambulansi, ena madimba a ndiwo zamasamba, ena thumba la ndalama za mwadzidzidzi. Kafukufukuyu, yemwe adachitika m'madera 48 mogwirizana ndi akatswiri a ku University College London, adasindikizidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet mu 2013, ndipo adaonetsa kuti m'madera ena momwe munali magulu a amayiwa imfa za amayi ndi makanda zidatsika ntchitoyo itakhazikika. Chaka chotsatira, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidalimbikitsa njira yotereyi m'madera a kumidzi, potengera zotsatira za ku Malawi pamodzi ndi za ku Nepal, India ndi Bangladesh. Ambiri mwa amayi amenewa sadafike Sitandade 8. Ngati adatha kusankha pankhani ya moyo ndi imfa, palibe chifukwa chowaonera pansi pankhani ya mjigo ndi mdadada wa sukulu.

Mtukula Pakhomo, ndondomeko yothandiza mabanja ovutika ndi ndalama, nayenso adabadwira kuno mu 2006 asadafalikire dziko lonse, ndipo poyamba makomiti osankhidwa m'midzi ndiwo ankayenda khomo ndi khomo kupeza mabanja ovutikitsitsa opanda wogwira ntchito, maina n'kuwerengedwa pamsonkhano kuti anthu avomereze. Ndondomekoyi idathandiza ambiri, koma idationetsanso malire a msonkhano wa pabwalo. Dzina likawerengedwa pamaso pa mfumu, pamaso pa apongozi ndi pamaso pa mwini dzinalo, ndani angaimirire kunena kuti uyu sakuyenera? Madandaulo a kukondera adamveka, monga momwe adamvekeranso kwa zaka zambiri pakalembedwe ka makuponi a feteleza. Phunziro lake si lakuti anthu alandidwe mphamvu. Phunziro ndi lakuti kukweza manja pagulu ndi voti ya munthu wamphamvu kwambiri pabwalopo, ena onse amangoyang'ana kumene dzanja lake laloza.

Otsutsa oyamba adzanena kuti njira yomvera anthu ilipo kale. Zoonadi ilipo. Kuyambira mu 1998, pomwe dziko lino lidakhazikitsa mfundo ya Mphamvu ku Anthu ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono, tili ndi makomiti a chitukuko a VDC kwa gulupu aliyense ndi a ADC kwa mfumu yaikulu iliyonse, ndipo mapulani a midzi amayenera kukwera mpaka kukalowa m'pulani ya chitukuko ya khonsolo. Ngakhale izi zisadafike, ntchito ya chitukuko ya MASAF idali itayamba kale m'zaka za m'ma 1990 kufunsa midzi kuti ikufuna chiyani, anthu n'kumaumba njerwa ndi kututa mchenga. Sindikunena kuti makomitiwa athetsedwe, ndipo voti imene ndikunena singayende popanda iwo. Koma tinene zoona za mmene akuyendera. Komiti ya anthu khumi ndi angapo ndi yosavuta kuikopa kusiyana ndi mudzi wa anthu chikwi. Amene amaitanidwa kumaphunziro ndi kulandira alawansi amakhala omwewomwewo, ndipo mwachibadwa munthu sangatsutse bungwe limene likumuitanira kumsonkhano mwezi wamawa. Tisaiwalenso kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino lidakhala lopanda makhansala, zaka zisanu ndi zinayi zomwe zidazoloweretsa maofesi kugamula zinthu popanda woimira anthu. Ngakhale mkangano wa thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu la CDF, lomwe lidafika K100 miliyoni padera lililonse mu 2022 n'kukweranso pambuyo pake, ndipo khoti mu 2025 lidagamula kuti aphungu asamaliyendetse, wakhala mkangano wa pakati pa phungu, khansala ndi bwanamkubwa. Mwini dera sadafunsidwe kuti iye akuti bwanji.

Kusiyana kwa komiti ndi voti ya aliyense kudayesedwa ku Indonesia, ndipo zotsatira zake ndi zothandiza chifukwa sizikometsa mbali imodzi. Katswiri wa zachuma Benjamin Olken adatenga midzi 49 yomwe inkalandira ndalama za chitukuko. M'midzi ina ntchito idasankhidwa ndi nthumwi pamsonkhano monga mwa nthawi zonse, m'midzi ina munthu wamkulu aliyense adaponya voti. Zimene adasindikiza mu 2010 zidaonetsa kuti mitundu ya ntchito zosankhidwa siidasiyane kwenikweni, chifukwa msewu ndi madzi zimafunika paliponse. Chimene chidasintha kwambiri ndi mtima wa anthu: m'midzi yovota anthu adakhutira kwambiri, adaidziwa bwino ntchitoyo, ndipo ambiri adati ndi okonzeka kusonkhapo mphamvu ndi zipangizo. Kuonjezera apo, ntchito zosankhidwa ndi amayi paokha zidapita kwambiri kumbali zosauka za mudzi. Wina anganene kuti ngati ntchito zake ndi zomwezo, voti ndi yachabe. Amene akunena choncho sadaonepo mjigo utafa. Pitani pamjigo wotere mukafunse kuti ndi wa yani, adzakutchulirani dzina la bungwe lolembedwa pachikwangwani chimene chayamba dzimbiri. Chawonongeka ndi kachipangizo kakang'ono ka labala, kotsika mtengo kuposa nkhuku, koma miyezi isanu yapita amayi akutunga kudambo, chifukwa mudzi ukudikirira eni ake kuti abwere. Chinthu chimene munthu adachisankha yekha, atasiya china chimene ankachifunanso, amachiyang'ana ndi diso lina.

Za kusaphunzira zisatichedwetse. Pa 14 Juni 1993 Amalawi a m'midzi yonse adasankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda, ndipo ambiri sadasokonezeke. Pabwalo la sukulu pangathe kumangidwa kampanda ka udzu, mkati mwake muli ndowa zitatu kapena zinayi zovundikira, iliyonse ili ndi chithunzi chake, ya mjigo, ya mlatho, ya nyumba ya mphunzitsi, ya sikelo ya ana, ndipo pansi pa chithunzi palembedwe mtengo wake. Munthu alowe yekha ndi kakhadi kodinda kamodzi, aponye, atuluke. Kuwerenga kuchitike pomwepo dzuwa lisadalowe, aliyense akuona, ndipo zotsatira zimatidwe pakhoma la sukulu ndi pachipata cha tchalitchi ndi mzikiti. Udindo wa VDC ukhale wosonkhanitsa maganizo, alangizi a boma aunike kuti chilichonse n'chotheka ndipo chidya zingati, amfumu aitane anthu ndi kusungitsa bata. Apa ndi pomwe nzeru za akatswiri zimalowera. Palibe amene akuti mudzi uvotere kuya kwa chitsime kapena mlingo wa simenti. Katswiri anene kuti pamalo apa madzi sangapezeke, kuti mlatho uwu ndalama zake sizikwana, zosatheka zichotsedwe poyera ndi zifukwa zake, zotsalazo anthu asankhe.

Chitsutso chimene chimandilemera ndi china, ndipo sindichipeputsa. Voti ndi ya ochuluka, pomwe ntchito zambiri zofunika kwambiri za mabungwe ndi za ochepa ndi opanda mawu. Mwana wa vuto la kumva, munthu wachialubino, mtsikana wa zaka 14 amene makolo ake alandira kale chiwongo, mwana wogwira ntchito m'munda wa fodya, mayi womenyedwa m'nyumba, onsewa sangapambane mjigo pa chisankho chilichonse. Nthawi zina amene akuwapondereza ndi omwewo amene ali pamzere wovota. Kudakakhala kuti ntchito yolimbana ndi Edzi idadikira voti ya m'mudzi m'zaka zija anthu ankangoti matenda a boma, tikadaika maliro ochuluka kuposa amene tidaika. Choncho pali zinthu zomwe siziyenera kupita m'ndowa. Ufulu wa mwana ndi chitetezo cha munthu ndi nkhani za malamulo, ndipo bungwe logwira ntchito zimenezi lisadikire chilolezo cha ochuluka, ngakhale kuti nalonso liyenera kumva kwa eni vutolo. Koma tisabise ntchito zonse kuseri kwa mfundo imeneyi. Gawo lalikulu la zimene zimabwera m'midzi ndi madzi, ulimi, mthirira, ziweto, nkhalango, zomangamanga ndi mabizinesi ang'onoang'ono, ndipo pa zimenezi palibe chifukwa choopera voti. Mkati mwa voti momwemo ochepa angatetezedwe: gawo lina la ndalama lipatulidwe kuti avotere amayi okha, monga ku Indonesia komwe amayi ankasankha ntchito yawo paokha, gawo lina achinyamata, ndipo midzi ya kumapeto, imene nthawi zonse imagonja kwa midzi yoyandikana ndi msika, ikhale ndi chaka chake mosinthanasinthana.

A mabungwe nawo ali ndi yankho lawo, ndipo ndi loona: ndalama zimabwera zitamangidwa kale. Wopereka ali ku London, ku Berlin kapena ku Oslo adanena kuti izi ndi za kusintha kwa nyengo, ndipo wogwira ntchito ku Mchinji sangazisandutse mlatho ngakhale atafuna. Izi zikusonyeza pamene pagona vuto, koma sizikutseka njira. Choyamba, ngakhale ndalama zikhale za gawo limodzi, mkati mwake muli zosankha. Za ulimi zingapite ku mthirira, ku nyumba yosungiramo mtedza kuti usachite chuku, kapena ku mbewu, ndipo ndi mudzi uti uyambe ndi funso lomwe anthu angaliyankhe. Chachiwiri, bungwe limalemba pempho lake lisadalandire ndalama, ndipo nthawi yofunsa anthu ndi imeneyo, osati galimoto zitagulidwa kale. Bungwe lopita kwa wopereka ndalama litanyamula zotsatira za voti ya anthu zikwi zitatu lili ndi mawu amphamvu kuposa lonyamula chithunzi cha msonkhano. Chachitatu, khonsolo ili ndi chogwirira. Bungwe lililonse lisadayambe ntchito m'boma limayenera kukaonekera ku komiti ya akuluakulu a nthambi za boma, ya DEC, ndipo lamulo la mabungwe lomwe lidakonzedwanso mu 2022 lidapatsa NGORA, bungwe loyang'anira mabungwewa, mphamvu yolondoloza malipoti awo. Funso loti ndalama zake ndi zingati ndipo ndani adasankha ntchitoyi lingathe kufunsidwa pakhomo pomwepo. Mzinda wa Porto Alegre ku Brazil udayamba mu 1989 kulola nzika kugamula gawo la bajeti yake, ndipo chimene chidakopa anthu osauka kumisonkhano n'chakuti zimene agwirizana zinkachitikadi. Voti yosamanga aliyense anthu amaizindikira msanga, ndipo ulendo wachiwiri sabwera.

Palinso ngozi yakuti mabungwe akayamba kupikisana pa mavoti, lolemera lidzagawa zitenje, matisheti ndi zakumwa, laling'ono la m'dera momwemo, lopanda galimoto, n'kugonja ngakhale ntchito yake ili yabwino. Matendawa tikuwadziwa kuchokera ku ndale, n'chifukwa chake lamulo la zipani la 2018 lidaletsa kugawa zinthu pokopa ovota. Mankhwala ake ndi akuti anthu azivotera ntchito, osati dzina la bungwe. Pandowa pakhale chithunzi cha mlatho, osati chizindikiro cha amene adzaumange, ndipo bungwe logwidwa likugawa zinthu lichotsedwe chaka chimenecho. Pachifukwa chomwechi, voti ya pafoni kapena pa intaneti, imene ikutchuka m'maiko ena pomwe makampani amauza anthu kuti adinire bungwe lomwe akufuna kuti lilandire thandizo, isabwere kuno mosaganizira. Pabanja la kumudzi foni imakhala imodzi, ndipo kawirikawiri imakhala m'thumba la bambo. Voti yotero ingakhale ya amuna, ya a pa Kamwendo, pa Kapiri ndi pa Waliranji pomwe netiweki imagwira, ndi ya achibale okhala m'tauni omwe sadzamwa madzi a pamjigowo.

Funso la amene ali woyenera kuvota lili ndi nkhope yakeyake m'boma la m'malire ngati lino. Kwa Mlonyeni, kwa Zulu ndi kwa Mkanda mabanja ambiri ali ndi abale kutsidya kwa malire, ku Chipata ndi ku Vubwi, amakwatirana, amaikana maliro, amagaitsa pachigayo chimodzi, ndipo mzere wa malire umadutsa m'minda. Kulinso matenanti a m'maesiteti, ochokera kumaboma ena, amene amakhala m'dera zaka zingapo koma dzina lawo mulibe m'kaundula wa amfumu. Ana awo amamwa pachitsime chomwecho ndipo akadwala m'mimba amadwala limodzi ndi ana a eni nthaka. Muyeso ukhale kukhala m'deralo, osati mtundu kapena kumene munthu adabadwira. Amene wagona m'mudzimo nyengo yathunthu ya ulimi, ndipo anthu akumudziwa, alembedwe ndi kuvota. Wongobwera tsiku la voti pa njinga ya kabaza, kaya wachokera kutsidya kaya ku Boma, abwerere. Mndandanda umatidwe sabata ziwiri tsikulo lisadafike kuti wodandaula adandaule nthawi ilipo.

Zonsezi zili ndi mtengo, koma ndi wochepa pouyerekeza ndi msonkhano umodzi wa kunyanja wokambirana za kutenga nawo mbali kwa anthu. Ndowa, makhadi, zithunzi ndi chakudya cha owerenga mavoti sizingafike pa mtengo wa mjigo umodzi wokumbidwa pamalo pomwe anthu sadaufune. Khonsolo ya Mchinji siyenera kudikira lamulo latsopano kuchokera ku Lilongwe. Ingasankhe dera la mfumu yaikulu imodzi, n'kugwirizana ndi mabungwe atatu kapena anayi ofuna kuyesa, kuti pa ntchito zawo za madzi, ulimi ndi zomangamanga alengeze ndalama zimene zifikedi kumudzi ndipo alole voti kugamula. Mfundoyi ilowe m'mgwirizano umene bungwe limasainirana ndi khonsolo, pamodzi ndi lonjezo lakuti pakatha chaka lidzabwerera pabwalo lomwelo kudzawerenga mmene ndalama zayendera. Nthawi yake ikhale pakati pa Julayi ndi Seputembala, mtedza ndi soya zitagulitsidwa, misewu itauma, anthu asadayambe kusosa, ndipo lisakhale tsiku la msika kapena la sikelo, kuti amayi athe kufika.